Stethoscope yoyamba: wophunzira unamwino agule yotani pamene ndalama zili zochepa?

Dzina la mwana likatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sukulu ya unamwino, pakhomo pamamveka nthungululu. Pakapita masiku angapo, makolo ndi amalume amakhala pansi n'kuyamba kuwerengetsa: fizi, yunifolomu, nsapato zoti munthu aime nazo tsiku lonse m'wodi, thiransipoti yopitira ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Malamulo kapena ku Mulanje. Pa zofunikazo pamakhalanso chipangizo chimene aliyense anachionapo chili lende m'khosi mwa adokotala, chija amalowetsa m'makutu n'kugunditsa mbali inayo pachifuwa cha wodwala. Chimenechi ndi stethoscope, ndipo pogula chimazunguza mutu chifukwa mitengo yake ndi yotalikirana modabwitsa. Ina munthu amagula ndi ndalama ya m'thumba, ina mpaka banja kugulitsa mbuzi. Zonse zimaoneka zofanana: mutu wachitsulo, chubu cha mphira, timiyendo tiwiri topita m'makutu.

Ndiye wophunzira wa chaka choyamba atenge iti?

Asanafunse mtengo, ayambe wadziwa ntchito imene chipangizocho chikagwire. Ntchito yoyamba, imenenso adzaibwereza kambirimbiri kuposa ina iliyonse, ndi kuyeza BP. Wophunzira amamanga lamba pamkono wa wodwala, amapopa mpweya mpaka magazi atasiya kudutsa mu mtsempha, amaika stethoscope mkati mwa chigongono, kenako amaphwetsa lambayo pang'onopang'ono akumvetsera. Pamene wayamba kumva kugunda, nambala ya pamwamba ndi imeneyo. Pamene kugundako kwazimiririka, imeneyo ndi nambala ya pansi. Njirayi anaifotokoza mu 1905 ndi Nikolai Korotkov, dokotala wa asilikali wa ku Russia, ndipo mpaka lero ophunzira onse a unamwino amaiphunzira. Makina oyendera mabatire afala m'zipatala zathu, koma mabatire amatha, makina amawonongeka, ndipo akakumana ndi mtima wogunda modumphadumpha amatha kupereka manambala osadalirika. Zikatero namwino amabwerera ku lamba wopopa ndi makutu ake.

Apa ndi pamene stethoscope yosamveka bwino imasanduka ngozi. Ku sikelo ya amayi oyembekezera, mayi amene mimba yake yapitirira masabata 20 ndipo BP yake yafika 140/90 amafunika kuyang'aniridwa mwapadera, chifukwa chimenechi ndi chizindikiro chachikulu cha pre-eclampsia, matenda amene akakula mayi amatha kuphupha, kukomoka, ngakhale kutaya moyo wake ndi wa mwana. Kugunda komaliza kuja, kopereka nambala ya pansi, kumamveka motsika kwambiri. Wophunzira amene chipangizo chake chikutaya mawu, kapena chikulowetsa phokoso la pakhonde, akhoza kulemba nambala yolakwika m'buku la mayi, mayiyo n'kubwerera kumudzi ngati zonse zili bwino. Pa chifukwa chokhachi, kutola stethoscope iliyonse chifukwa choti ndi yotchipa si nzeru.

Ntchito zina zimabwera pambuyo. Wophunzira amamvetsera mtima pansi pa bere lakumanzere, pakati pa nthiti yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, n'kuwerenga kugunda kwake kwa mphindi yathunthu, makamaka asanapereke mankhwala ngati digoxin, amene munthu wamkulu sapatsidwa mwachisawawa mtima ukamagunda kosakwana ka 60 pa mphindi. Amamvetsera mapapo: kulira kwa m'chifuwa kwa wodwala mphumu, kuthetheka kwa mapapo a wodwala chibayo, kapena mbali ina imene mpweya sukulowa. Amamvetsera ngati matumbo ayambanso kulira pambuyo pa opaleshoni. Ku leba amamvetsera mtima wa khanda limene labadwa osalira, kuti adziwe ngati ukugunda kupitirira ka 100 pa mphindi pamene akulithandiza kupuma. Zonsezi zimafuna chipangizo chomveka bwino, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chimafuna stethoscope zodula zija zopangidwira akatswiri a matenda a mtima.

Kuti izi zimveke, n'kofunika kudziwa mmene chipangizochi chimagwirira ntchito, ndipo mbiri yake imathandiza. Mu 1816, pa chipatala cha Necker mumzinda wa Paris, dokotala René Laennec anali ndi wodwala wamkazi wachitsikana amene ankamuganizira kuti ali ndi vuto la mtima. Masiku amenewo dokotala ankagunditsa khutu lake pachifuwa penipeni pa wodwala, zimene Laennec anaona kuti sizoyenera kwa mtsikanayo. Anapinda mapepala kukhala ngati mpope, n'kuika mbali ina pachifuwa, mbali ina kukhutu kwake, ndipo anamva mtima momveka kuposa kale lonse. Pambuyo pake anasema mpope wamtengo, ndipo mu 1819 anatulutsa buku lofotokoza zimene ankamva m'zifuwa za odwala. Iye mwini anamwalira mu 1826 ndi chifuwa chachikulu, matenda omwewo amene anathera moyo wake akuwamvetsera mwa ena. Ya makutu awiri inabwera cha m'ma 1850, kudzera mwa Arthur Leared wa ku Ireland ndi George Cammann wa ku New York. Maonekedwe amene tikuwadziwa lero anachokera kwa David Littmann, katswiri wa mtima wa ku Harvard, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kampani ya 3M inagula ntchito yakeyo mu 1967.

Zaka zonsezi mfundo yake sinasinthe. Mu stethoscope wamba mulibe batire, mulibe waya. Mawu a m'thupi amagwedeza kanembanemba ka kumutu kwa chipangizo, kanembanembako kamagwedeza mpweya umene uli m'chubu, mpweyawo n'kufikitsa mawuwo m'makutu. Choncho chinsinsi chonse chagona pa kutsekeka. Zili ngati chubu cha njinga: kabowo kamodzi kosaoneka ndi maso n'kokwanira kuti ulendo ulephereke. Mpweya ukamathawira penapake, mawu a wodwala amathawira pomwepo, ndipo phokoso la m'wodi limalowera pomwepo.

Malo othawira mpweya alipo atatu, ndipo oyamba ndi amene ogula ambiri sawayang'ana n'komwe: timphira ta m'makutu. Stethoscope zotchipitsitsa zimabwera ndi timitu ta pulasitiki youma timene sititseka khutu, ndipo tikakhala m'makutu kwa mphindi zingapo timapweteka. Timphira tofewa, tokwana bwino khutu la mwini wake, timasintha kamvekedwe ka chipangizo kuposa china chilichonse, pamene mtengo wake ndi wochepa. Malo achiwiri ndi chubu. Chikhale chochindikala, chifukwa chopyapyala chimalowetsa phokoso lakunja ndipo sichichedwa kung'aluka polumikizira. Malo achitatu ndi mkombero umene umagwira kanembanemba. Ukakhala wogwejera, palibe chimene chingamveke bwino.

Mutu wa chipangizo nawo uli ndi nkhani yake. Zambiri zili ndi mbali ziwiri. Mbali yotakata, ya kanembanemba, m'kalasi amaitcha diaphragm, ndipo ndi imene imagwira bwino mawu okwera monga kupuma, kulira kwa matumbo ndi kugunda kwa mtima kwa nthawi zonse. Mbali yaing'ono yokumbika ndi bell, imene imagwira mawu otsika ngati munthu waikhazika mopepuka pakhungu. Zotchipa zina zili ndi mbali imodzi yokha, ndipo zimenezi zinapangidwira kuyeza BP basi. Wophunzira amene adzayesedwe mayeso a kuyeza thupi lonse la wodwala akufunika ya mbali ziwiri. Mutu wa chitsulo chosachita dzimbiri umalemera ndipo kawirikawiri umamveka bwino kuposa wa aluminiyamu, koma wa aluminiyamu wopangidwa bwino umagwira ntchito ya wophunzira popanda vuto, ndipo sutopetsa khosi pa shifiti ya usiku.

Pali mtundu wina umene umakopa maso m'sitolo, wa machubu awiri ndi mutu waukulu wonyezimira, wotchedwa Sprague-Rappaport potengera amene anaupanga m'zaka za m'ma 1940. Umaoneka wapamwamba ndipo umabwera ndi tizipangizo tosinthira tambiri. Koma ambiri amene ali pamsika masiku ano ndi ongotengera, ndi olemera, ndipo machubu awiriwo akamakhulana amatulutsa phokoso limene limasokoneza khutu losazolowera. Woyamba kumene ndi bwino aulambalale.

Tsopano za mayina ndi mitengo. Littmann ndi dzina limene wophunzira aliyense amalimva sabata yoyamba. Mtundu wake wotchedwa Classic III ndi wabwino ndithu: mutu wake ndi wa chitsulo chosachita dzimbiri, mbali yaing'ono imakwana pachifuwa cha mwana, kanembanemba kake kamagwira mawu otsika munthu akakhazika mopepuka ndi mawu okwera akakanikiza, ndipo kampani imapereka chitsimikizo cha zaka zisanu. Ku America imagulitsidwa pa mtengo wa madola pafupifupi 100, ndipo Cardiology IV imafika pafupifupi kawiri mtengo umenewu. Pofika kuno pamawonjezeka ndalama zonyamulira ndi phindu la wogulitsa, komanso kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo koopsa. Kwa banja limene likuvutika kale ndi fizi, ndalama zimenezi ndi zambiri, ndipo palibe chifukwa choti wophunzira alowe m'ngongole ya katapira chifukwa cha dzina lolembedwa pa chitsulo.

Pakati pa zodulazi ndi zidole za pamsika pali gulu lalikulu limene ndi loyenera wophunzira. Littmann yomweyo ili ndi mtundu wotsikirako mtengo wotchedwa Lightweight II S.E. Makampani ngati MDF ndi ADC a ku America, Riester wa ku Germany ndi Spirit wa ku Taiwan amapanga stethoscope za mbali ziwiri, za timphira tofewa ndi chubu chochindikala, ndipo mitundu yawo yoyambira imatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi Classic III. Wophunzira amene wapeza imodzi mwa zimenezi, yeniyeni, ndipo waiyesa ndi makutu ake, ali ndi chida chomufikitsa kumapeto kwa maphunziro.

Umboni woti mtengo ndi kamvekedwe siziyendera limodzi nthawi zonse unachokera ku malo ovuta kwambiri. Dokotala Tarek Loubani, wa ku Canada koma wa makolo ochokera ku Palestine, anagwirapo ntchito pa chipatala cha al-Shifa ku Gaza pa nthawi ya nkhondo mu 2012, kumene madokotala ambiri ankalandirana stethoscope zochepa kwambiri. Iye ndi anzake, kudzera mu ntchito yotchedwa Glia, anapanga stethoscope ya pulasitiki pogwiritsa ntchito makina osindikiza zinthu a 3D, pa mtengo wa madola atatu okha. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu magazini ya sayansi ya PLOS ONE mu 2018 anaonetsa kuti kamvekedwe kake kankafanana ndi ka Littmann Cardiology III. Izi sizikutanthauza kuti chilichonse chotchipa ndi chabwino. Ya ku Gaza inamveka bwino chifukwa anaipanga mosamala, n'kuiyesa. Zambiri za pamsika wotchipa palibe amene anaziyesapo, ndiye woyesa wake ayenera kukhala wogula mwini.

Kuyesako sikutenga nthawi, ndipo wogulitsa wachilungamo sangakanize. Choyamba ndi kavalidwe: timiyendo ta m'makutu timapindikira mbali imodzi, ndipo tiyenera kuloza kutsogolo, chakumphuno, chifukwa ndi mmene ngalande za makutu zinakhalira. Ophunzira ambiri amene amadandaula kuti sakumva kalikonse amakhala atavala chammbuyo. Akavala bwino, phokoso la m'sitolo liyenera kutsika nthawi yomweyo. Likamamvekabe ngati kale, ndiye kuti timphirato sitikutseka. Kenako agogode kanembanemba pang'ono ndi chala. Ngati sikakumveka, atembenuze mutuwo mpaka umveke kuti thwa, chifukwa pa stethoscope ya mbali ziwiri mbali imodzi yokha ndi imene imakhala yotseguka pa nthawi imodzi. Akatero amvetsere mtima wake, pakhungu penipeni osati pamwamba pa malaya, ndipo kugunda kuwiri kwa mtima kumveke kosiyana bwinobwino. Apinde chubu pang'ono kuti aone ngati chili ndi ming'alu, akhale ndi chipangizocho m'makutu kwa mphindi zingapo kuti amve ngati chikufinya, afunse ngati timphira ndi kanembanemba zosinthira zimapezeka, ndipo asachoke wopanda lisiti. Amene angathe, apite ndi mnzake wa chaka chachitatu, amene makutu ake anazolowera kale.

Za kutalika kwa chubu sizofunika kutaya nazo tulo. Zambiri zimakhala za masentimita pafupifupi 70 kuchokera kumakutu kufika kumutu, ndipo kutalika kumeneku kumathandiza namwino kuti asamawerame kwambiri komanso kuti nkhope yake italikireko kwa wodwala amene akutsokomola, nkhani yofunika m'dziko limene chifuwa chachikulu chikadalipo.

Msampha waukulu uli pa intaneti. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumatuluka zithunzi za Littmann zatsopano, m'bokosi mwake, pa mtengo wotsika mokayikitsa. Dzinali ndi limodzi mwa mayina amene akuba amakonda kutengera, ndipo yabodza imatha kufanana ndi yeniyeni mpaka bokosi ndi kabuku ka mkati. Yeniyeni imakhala ndi nambala yakeyake yozokotedwa pamutu wachitsulo, koma opanga zabodza ena amalembanso manambala, choncho mtengo ndi umene umaulula zambiri. Classic III yatsopano singagulitsidwe pa mtengo wochepera theka la mtengo wa kumene imachokera. Wogula yabodza amaluza kawiri: walipira ndalama zoposa za Spirit kapena MDF yeniyeni, n'kulandira chinthu chosamveka. Ndi bwino kugula m'mafamase ndi m'masitolo odziwika a zipangizo zachipatala ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, kumene munthu angabwerere zikavuta. Amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku UK akhoza kumutuma, koma amuuze dzina lenileni la mtundu umene akufuna, ndipo m'baleyo akagule kwa ogulitsa ovomerezeka. Ophunzira a kalasi imodzi akasonkherana n'kugula zambiri pamodzi, amakhalanso ndi mphamvu yonenerera mtengo.

Yogwiritsidwapo kale ntchito si yonyozeka. Mutu wachitsulo sukalamba. Chimene chimatha ndi mphira, ndiye ngati chubu chikadali chofewa ndipo chilibe ming'alu, stethoscope yabwino yogula kwa namwino amene wapeza ina, itaikidwa timphira tatsopano, imaposa yatsopano ya mtengo womwewo.

Palinso chifukwa china chosagulira yodula poyamba, chimene aliyense amene anagwirapo m'wodi amachidziwa. Zipangizo zikachepa, anthu amabwerekana. Wina amati ndibwerekeni kaye ndiyeze wodwala uyu, kenako waitanidwa kwina, shifiti yatha, ndipo chipangizo chapita osabweranso, nthawi zambiri popanda amene anafuna kuba. Wophunzira amasinthasintha mawodi ndi zipatala, ndiye mwayi wotaya ndi waukulu. Kulemba dzina pa kachikwangwani kolimba, kapena kulizokota pa chitsulo, ndi ntchito ya tsiku loyamba. Kusankha chubu cha mtundu wosafala m'malo mwa chakuda kumathandizanso kuti munthu achizindikire chili m'khosi mwa wina.

Chisamaliro ndi chimene chimasiyanitsa stethoscope ya chaka chimodzi ndi ya zaka zisanu. Thukuta ndi mafuta odzola zimaumitsa mphira, choncho chubu chizikhala pamwamba pa kolala ya yunifolomu, osati pakhungu la m'khosi. Dzuwa la mu Okutobala pa windo la hositelo limachita chimodzimodzi. Kuchipindapinda mothinana m'thumba kumathyola chubu polumikizira. Kuchinyika m'madzi kapena mu klorini kumawononga kanembanemba ndi mphira yomwe.

Koma kupukuta n'kosakambirana. Mu 2014 akatswiri a ku Geneva, motsogozedwa ndi Didier Pittet, amene amadziwika padziko lonse pa nkhani ya kusamba m'manja m'zipatala, anayeza tizilombo totsala pa manja a dokotala ndi pa stethoscope atangomaliza kuyeza wodwala mmodzi. Anapeza kuti kanembanemba kanali ndi tizilombo tambiri kuposa mbali ina iliyonse ya dzanja kupatula nsonga za zala. Namwino amene wasamba m'manja koma osapukuta chipangizo chake wanyamulabe matenda kuchoka pa bedi lina kupita pa lina, mwina kuchoka kwa wodwala bala la mafinya kupita kwa khanda la masiku awiri. Kathonje konyowetsa ndi sipiliti wa 70 peresenti n'kokwanira, ndipo kupukutako kuchitike pakati pa wodwala ndi wodwala. Timphira ta m'makutu natonso tizichotsedwa n'kutsukidwa nthawi ndi nthawi, chifukwa phula la m'khutu likadzazamo limatseka mawu. Nsalu zokongoletsera zimene ena amaveka chubu zimasunga litsiro ndipo n'zosayenera m'wodi.

Ndalama zimene zapulumuka posagula yodula zili ndi kopita. Wotchi ya muvi wa masekondi ndi yofunika mofanana ndi stethoscope. Ndondomeko ya IMCI, imene azaumoyo amatsata poyeza ana aang'ono, imazindikira chibayo powerenga kapumidwe: mwana wa miyezi iwiri mpaka chaka akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mothamanga. Pamenepa chogwira ntchito ndi maso ndi wotchi. Komanso popeza maphunziro ambiri a unamwino m'Malawi amaphatikiza uzamba, wophunzira adzakumana ndi kachipangizo kena kooneka ngati lipenga, kamene mzamba amagunditsa pamimba ya mayi kuti amve mtima wa mwana wosabadwa, umene umayenera kugunda pakati pa ka 110 ndi ka 160 pa mphindi. Anakapanga ndi Adolphe Pinard wa ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndi kotchipa, sikawonongeka, ndipo m'zipatala zambiri zakumudzi ndi kamene azamba amadalira.

Chotsala ndi makutu a mwini wake, ndipo amenewa sagulitsidwa m'sitolo iliyonse. Sabata zoyamba pafupifupi aliyense amangomva phokoso losadziwika mutu wake, n'kuyamba kukayikira chipangizo chake kapena kudzikayikira yekha. Mankhwala ake ndi kumvetsera zifuwa zambiri za anthu abwinobwino: anzake a m'chipinda, azibale ake pa holide, wonenepa ndi woonda, mwana ndi agogo. Munthu amene wamva mapapo abwino kambirimbiri sachedwa kuzindikira tsiku limene wamva achilendo. M'wodi, namwino wamkulu kapena kiliniko akapeza wodwala wa mphumu kapena wa madzi m'mapapo, wophunzira apemphe mwaulemu, kwa iwo ndi kwa wodwalayo, kuti amvetsereko, ndipo anene zimene wamva asanauzidwe yankho. Ngati patapita miyezi anzake onse akumva koma iye sakumvabe, ngakhale atabwereka chipangizo chabwino, akayezetse makutu. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chili ndi gawo loyeza makutu, ndipo kwa amene ali ndi vuto la kumva ziliko stethoscope zamagetsi zokweza mawu, ngakhale mtengo wake ndi waukulu.

Nthawi yoganizira yodula imafika munthu atalembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, wayamba kulandira malipiro, ndipo wadziwa wodi imene azigwira. Pamenepo amasankha akudziwa chimene akufuna. Wa ku ICU kapena ku wodi ya odwala mtima angapindule ndi mtundu wa Cardiology. Wa pa chipatala chaching'ono chakumudzi, woona akulu ndi ana tsiku limodzi, imamukwanira ya mbali ziwiri yolimba. Wa ku nazale ya makhanda obadwa masiku asanakwane adzafuna ya mutu waung'ono, wosakwana masentimita atatu, chifukwa mutu wa akuluakulu sukhazikika pa nthiti za mwana wa kilogalamu imodzi ndi theka.